Kodi Mkhristu ayambe kukonda ndani? Mafunso ndi mayankho pa za abale, anansi ndi alendo

Munthu ali ndi manja awiri okha, tsiku lili ndi maola owerengeka, ndipo ndalama imene walandira imatha. Koma omufuna satha: mayi wokalamba, mwana wa pasukulu, mnansi amene wagwa m'mavuto, mlendo amene wagogoda usiku, ndi anthu akutali amene amangomva kuti athawa nkhondo. Kuyambira kale Akhristu akhala akufunsana kuti chikondi chiyambire pati. Mayankho ali m'munsiwa atsamira pa Malemba ndi pa zimene aphunzitsi a mpingo analemba, koma maganizo anga sindiwabisa. Ndimakhulupirira kuti dongosolo lilipodi, ndipo limatiuza amene tiyenera kuyamba kumusenzera udindo. Chimene ndimakana n'chakuti dongosololo limatiuzanso polekezera.

Kodi Baibulo limanenadi kuti munthu ayambe ndi a m'nyumba mwake?

Limanena, ndipo silizungulira. Pa 1 Timoteo 5:8 Paulo akuti munthu wosasamalira abale ake, makamaka a m'banja mwake, wakana chikhulupiriro ndipo waipa kuposa wosakhulupirira. Ambiri amalitchula vesili osayang'ana pamene lakhala. Mutuwo ukukamba za akazi amasiye. Mpingo wa ku Efeso unali ndi mndandanda wa amasiye amene unkawasamalira, ndipo Paulo sankafuna kuti anthu okhala nazo azitulira mpingo amayi ndi agogo awo. Pa vesi 16 akupereka chifukwa chake: mpingo usalemedwe, kuti uthe kuthandiza amasiye amene alibiretu wowayang'anira. Ndiye kuti vesi limene ena amatsekera chitseko linalembedwa pofuna kuti wopanda m'bale asagone ndi njala.

Yesu nayenso sanalekerere wothawa makolo. Pa Marko 7:9-13 akudzudzula Afarisi ndi alembi chifukwa cholola munthu kuuza atate kapena amayi ake kuti chuma chimene akanawathandiza nacho ndi Korban, kutanthauza kuti chaperekedwa kwa Mulungu. Kubisala kuseri kwa dzina la Mulungu kotere anakutcha kupeputsa mawu a Mulungu. Ndipo ali pamtanda, mpweya ukumuthera, anapezabe mpata woika amayi ake m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda (Yohane 19:26-27).

Nanga bwanji Yesu yemweyo anati wofuna kumutsata adane ndi atate ndi amayi ake?

Mawuwo ali pa Luka 14:26, ndipo si bwino kuwafewetsa mpaka kuwazula mano. Koma Mateyu 10:37 akutithandiza kuwamva: wokonda atate kapena amayi kuposa Ine sayenera Ine. M'kalankhulidwe ka Malemba, kudana nthawi zina kumatanthauza kuika pambuyo. Pa Genesis 29:30 tikumva kuti Yakobo anakonda Rakele kuposa Leya, ndipo vesi lotsatira likuti Leya anadedwa.

Mfundo ndi yakuti malo oyamba si a banja, ndi a Mulungu. Perpetua, mayi wachitsikana wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro m'chaka cha 203, anali ndi khanda loyamwa. Atate ake anamuchonderera kangapo kuti achitire chifundo imvi zawo ndi khandalo, angopereka nsembe imene boma linkafuna. Iye anawamvera chisoni kwambiri, koma sanakane Khristu. Palibe amene anganene kuti sankakonda atate ake. Anangokana kuwaika pampando wa Mulungu.

Ndimamva mawu akuti ordo amoris. Ndi chiyani, ndipo anachokera kuti?

Ndi mawu a Chilatini otanthauza dongosolo la chikondi. Amene anawatchukitsa ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero ndi Algeria. Anabadwa mu 354 ndipo anamwalira mu 430. M'buku lake lalikulu lotchedwa De civitate Dei, kutanthauza Mzinda wa Mulungu, limene analiyamba mzinda wa Rome utalandidwa ndi adani mu 410, analemba kuti ukoma wa munthu ndi chikondi choikidwa m'dongosolo lake.

Pamenepo sankakamba za abale ndi alendo ayi. Ankakamba za mtima umene wasokoneza zinthu. Chitsanzo chake chinali cha munthu waumbombo wokonda golide kuposa chilungamo: cholakwa si golideyo, ndi munthuyo. Chilichonse chimene Mulungu analenga n'chabwino, koma chingakondedwe moipa ngati chaikidwa pamwamba pa chimene chiyenera kukhala pamwamba pake. Nyumba ndi yabwino, koma woikonda kuposa anthu okhalamo wasokera.

Za anthu anazikamba m'buku lina, De doctrina christiana, ndipo apa ndi pamene ndimafuna owerenga adekhe. Augustine akuti anthu onse ayenera kukondedwa mofanana, koma popeza sungathe kuthandiza onse, yang'anira makamaka amene malo, nthawi kapena zochitika zawasendeza pafupi ndi iwe. Kenaka akupereka fanizo. Uli ndi chinthu chimodzi chotsala, chosatheka kuchigawa pawiri, ndipo pabwera anthu awiri osowa mofanana, palibe amene ali pafupi nawe kuposa mnzake. Chilungamo n'chakuti uchite maere. Ndiye akuti kuyandikana kumene tili nako ndi anthu ena tikuone ngati maere otere.

Taganizirani bwino mawu amenewo. Mwana wanga sindimuyamba chifukwa ndi wamtengo wapatali kuposa mwana wa wina. Ndimamuyamba chifukwa maere anagwera ine, ndiye amene anaikidwa m'manja mwanga. Ndipo maere omwewo akhoza kugwa mawa pa munthu amene sindinamuonepo, ngati ali iye amene wagwa patsogolo panga panjira.

Thomas Aquinas anawonjezerapo chiyani?

Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo wa Katolika amene anakhala ndi moyo kuyambira 1225 mpaka 1274, anaikamba nkhaniyi mwatsatanetsatane m'buku lake la Summa Theologiae. Anati Mulungu ndiye woyamba, ndipo pakati pa anthu tiyenera kuchitira zabwino kwambiri amene alumikizana nafe kwambiri, monga moto umatenthetsa kwambiri chimene chili pafupi nawo. Anaonanso kuti kuyandikana kuli kwa mitundumitundu. M'bale wa magazi ali pafupi pa zosowa za thupi, nzika inzako pa za dziko, wokhulupirira mnzako pa za uzimu, msilikali mnzako pa za kunkhondo. Munthu mmodzi sakhala patsogolo pa zonse.

Koma pali chiganizo chimodzi cha Aquinas chimene okonda kumutchula amachidumpha. Akuti nthawi zina munthu ayenera kuthandiza mlendo amene ali pa kusowa koopsa m'malo mwa atate ake enieni, ngati atatewo sali pa vuto lalikulu motero. Ndipo pamene wina ali pafupi koma winayo ndiye wosowa kwambiri, akuvomereza kuti palibe lamulo limodzi lothetsa nkhani zonse. Pamafunika nzeru ya munthu woona zinthu bwino.

Choncho miyeso ndi iwiri: kuyandikana ndi kukula kwa vuto. Masiku wamba kuyandikana ndiko kumatsogola. Moyo wa munthu ukakhala pachiswe, vuto ndilo limatsogola.

Kodi chiphunzitsochi ndi cha Akatolika okha?

Ayi. John Calvin, mmodzi wa atsogoleri oyambirira a Chipulotesitanti, m'buku lake la Institutes limene analimaliza mu 1559, anavomereza kuti munthu amene talumikizana naye kwambiri ayenera kulandira thandizo lathu kawirikawiri, koma anati mtundu wonse wa anthu, osapatulapo ndi mmodzi yemwe, tiukumbatire ndi chikondi chimodzi, chifukwa timayang'ana chifaniziro cha Mulungu chimene chili mwa iwo. John Wesley, amene anayambitsa Chimethodisti, pa ulaliki wake wa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, anandandalika motere: zofunika za iwe mwini, za a m'nyumba mwako, kenaka a m'banja la chikhulupiriro, kenaka anthu onse.

Fanizo la Msamariya wachifundo silikugwetsa dongosolo lonseli?

Silikuligwetsa, koma likuligwedeza ndithu, ndipo ndi bwino kulola kuti litigwedeze.

Kumbukirani amene anafunsa. Anali wodziwa malamulo, ndipo Luka 10:29 akuti ankafuna kudzilungamitsa pamene anati: nanga mnansi wanga ndani? Funso lotere limafuna malire. Limafuna kumva kuti udindo wako ukuthera apa, kuseri uko si nkhani yako.

Yesu anamutengera panjira yochoka ku Yerusalemu kutsikira ku Yeriko, mtunda wa makilomita pafupifupi 27, wotsetsereka mamita pafupifupi 1,000 kudutsa m'chipululu cha miyala. Munthu wagona pamenepo, amuvula, amumenya, watsala pang'ono kufa. Popeza alibe zovala ndipo sakulankhula, palibe angadziwe mtundu wake. Wansembe akudutsa, Mlevi akudutsa, onse akulambalala. Amene akuima ndi Msamariya. Udani wa Ayuda ndi Asamariya unali wakalekale. Zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, mtsogoleri wa Ayuda John Hyrcanus anagwetsa kachisi wa Asamariya pa phiri la Gerizimu. Ndipo m'mutu wapitawo, pa Luka 9:52-54, mudzi wina wa Asamariya unali utangokana kulandira Yesu, mpaka Yakobo ndi Yohane anafuna kuitanitsa moto kumwamba.

Onani manja a Msamariyayo. Akuthira mafuta ndi vinyo pa mabala, akumanga, akumunyamula munthu wosatha kudzigwira, akumukweza pa nyama yake, iye n'kumayenda pansi. Akumusamalira usiku ku nyumba ya alendo. M'mawa akutulutsa madinari awiri, malipiro a masiku awiri a wantchito, n'kuuza mwini nyumbayo kuti zoonjezera adzabweza pobwerera.

Pali zinthu ziwiri pano. Choyamba, munthu wovulalayo sanali m'bale wake, koma njira inamusandutsa wapafupi kuposa wina aliyense pa ola limenelo. Awa ndi maere aja a Augustine. Chachiwiri, Msamariya sanasiye moyo wake wonse. Anapitiriza ulendo, anagawana katunduyo ndi mwini nyumba ya alendo, analonjeza kubwerera. Ngati anali ndi ana kwawo, sanawataye. Anangochedwa kufika.

Pomaliza Yesu anatembenuza funso. Sanafunse kuti wovulalayo anali mnansi wa yani, koma kuti ndani anakhala mnansi wa wovulalayo. Wofunsa uja anabwera kudzafuna malire, anabwerera atapatsidwa ntchito.

Kodi kunena kuti "ndiyamba ndi anga" si kudzikonda kumene kwangovala malaya a Chikhristu?

Nthawi zambiri n'kumeneko, ndipo tisadzinamize. Yesu anafunsa pa Mateyu 5:46-47 kuti ngati mukonda okukondani okha, mwachita chiyani choposa ena, popeza okhometsa msonkho nawonso amatero. Pa Luka 14:12-14 anauza amene anamuitana ku chakudya kuti asamangoitana abwenzi, abale ndi anansi olemera amene adzamubwezere, koma aitane osauka, olumala ndi akhungu. Søren Kierkegaard, mlembi wachikhristu wa ku Denmark, analemba mu 1847 kuti chikondi chosankha, chokonda amene mtima wakonda, chikhoza kukhala kudzikonda kobisika, chifukwa mwa wokondedwayo munthu amadzionamo yekha.

Msampha wake uli apa. Zosowa za banja zili ndi polekezera, koma zofuna za banja zilibe. Munthu akanena kuti adzathandiza ena akadzamaliza za kunyumba, tsiku limenelo silifika. Akamaliza denga afuna mpanda, akamaliza mpanda afuna galimoto, kenaka za adzukulu amene sanabadwe. Mndandanda wa Wesley uja umagwira ntchito pokhapokha mawu akuti "zofunika" atanthauzedi zofunika. Iye mwini ankalalikira kuti munthu apeze zonse zimene angathe, asamwaze, kenaka apereke zonse zimene angathe.

Lamulo la Mose linauona msamphawu kale. Pa Levitiko 19:9-10 mlimi akuuzidwa kuti pokolola asamalize m'mphepete mwa munda ndipo asabwerere kukatola khunkha, azisiyire wosauka ndi mlendo. Gawo la mlendo silidikira kuti nkhokwe idzaze kaye. Limasiyidwa tsiku lomwelo la kukolola. Rute, mkazi wamasiye wa ku Mowabu, anapulumuka pamodzi ndi apongozi ake chifukwa cha khunkha limeneli m'munda wa Boazi, ndipo dzina lake lili pa mndandanda wa makolo a Yesu. Mutu womwewo wa Levitiko umene ukuti uzikonda mnzako monga udzikonda iwe mwini, pa vesi 18, ukubwereza mawu omwewo pa vesi 34, tsopano ponena za mlendo.

Basil, mphunzitsi wa mpingo wa ku Caesarea, pa njala imene inagwa ku Cappadocia, m'dziko limene lero ndi Turkey, cha m'ma 369, ankauza olemera kuti chakudya chimene asunga ndi cha wanjala, ndipo chovala chimene atsekera m'bokosi ndi cha wamaliseche. Sanawauze kuti alande chakudya cha ana awo. Ankakamba za chimene chikungokhala.

Nanga amene amathandiza aliyense kunja koma kwake kuli misozi?

Ameneyunso wasokoneza dongosolo, ndipo vuto lake limapweteka mwakachetechete chifukwa anthu akunja amamuombera m'manja. Kukonda mlendo nthawi zina n'kopepuka. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo amachoka akuthokoza. Koma mayi wokalamba amene wayamba kuiwala, amene akufunsa funso lomwelo kakhumi pa tsiku, sathokoza ndipo sachoka. Paulo anati woyang'anira mpingo akhale woweruza bwino nyumba yake, chifukwa wolephera kwawo adzasamalira bwanji mpingo wa Mulungu (1 Timoteo 3:4-5). Mwana amene anakula akuona atate ake akumwetulira dziko lonse kupatula iye, amavutika kukhulupirira za Atate wakumwamba.

Kodi Mkhristu mnzanga ayenera kukhala patsogolo pa wosakhulupirira?

Agalatiya 6:10 akuti tichitire onse zabwino, makamaka a m'banja la chikhulupiriro. Mawu onse awiri alipo, "onse" ndi "makamaka", ndipo palibe limene likumeza linzake.

Mbiri ikuonetsa mmene Akhristu oyambirira anawamvera. Mliri utagwa ku Carthage cha m'ma 250, bishopu Cyprian analimbikitsa mpingo kusamalira ngakhale anthu akunja kwa mpingo, pa nthawi imene Akhristu anali atangozunzidwa kumene. Mu 362 mfumu Julian ya ufumu wa Rome, imene inkafuna kubwezeretsa chipembedzo cha milungu yakale, inalembera mkulu wa ansembe ake ku Galatiya modandaula kuti Akhristu akudyetsa osauka awo ndi osauka a anthu ena omwe. Umboni umenewu ndi wa munthu amene sankawafunira zabwino, n'chifukwa chake ndimaukhulupirira.

Ndili ndi udindo pa ntchito. Kodi dongosolo la chikondi likundilola kukondera m'bale wanga polemba anthu ntchito?

Ayi. Apa ambiri amapunthwa, chifukwa chibale ndi fupa, sichiola, ndipo m'bale akabwera ndi nkhope yachisoni mtima umasungunuka. Koma dongosolo la chikondi limakhudza zimene zili zanu: nthawi yanu, ndalama zanu, nyumba yanu. Chimene mwangosungitsidwa, kaya ndi chuma cha boma, cha kampani kapena cha mpingo, si chanu choti mugawe potsata magazi. Aquinas anakutcha tchimo kugawa zinthu za onse poyang'ana nkhope m'malo mwa kuyenera kwa munthu, ndipo Levitiko 19:15 ikuletsa woweruza kukondera kaya wosauka kaya wamkulu. Amayi a Yakobo ndi Yohane atapempha mipando yapamwamba ya ana awo, Yesu sanawapatse (Mateyu 20:20-23). Mukafuna kuthandiza m'baleyo, pisani m'thumba mwanu.

Anthu akutali amene sindidzawaona, ndili nawo ndi udindo wanji?

Mpingo woyamba sunaone mtunda ngati chowiringula. Akhristu a ku Antiokeya atamva za njala imene inagwa m'masiku a mfumu Klaudiyo, aliyense anapereka monga mwa kupata kwake, n'kutumiza ku Yudeya (Machitidwe 11:27-30). Pambuyo pake Paulo anatha zaka akusonkhetsa chopereka ku Makedoniya ndi ku Akaya cha osauka a ku Yerusalemu, anthu a mtundu wina ndi chilankhulo china amene operekawo sanawaonepo. A ku Makedoniya anali osauka kwambiri, komabe anachita kupempha kuti awalole kupereka nawo. Ndipo Paulo anafotokoza muyeso wake pa 2 Akorinto 8:13-14: sakufuna kuti ena apumule inu muvutike, koma kuti pakhale kulingana, zochuluka zanu lero zikwaniritse kusowa kwawo, mawa zawo zikwaniritse kwanu.

Simungasenze dziko lonse, ndipo Mulungu sanakupempheni zimenezo. Koma mukamva, mwayandikira kale pang'ono.

Nkhaniyi inabuka bwanji m'ndale mu 2025?

Mu Januwale 2025 wachiwiri kwa pulezidenti wa United States, JD Vance, polankhula pa kanema wa Fox News anati pali chiphunzitso cha Chikhristu chakuti munthu akonde banja lake, kenaka mnansi, kenaka anthu a m'dera lake, kenaka nzika zinzake, ndipo pambuyo pake ndi pamene angaganizire dziko lonse lapansi. Anthu atamutsutsa, anatchula mawu aja akuti ordo amoris. Nkhaniyo inali pakati pa mkangano wa anthu olowa m'dzikolo kuchokera kunja ndi ndondomeko yowathamangitsa ambirimbiri.

Pa 10 Febuluwale 2025 Papa Francis analembera kalata mabishopu a dzikolo. Sanatchule dzina la Vance, koma anati chikondi cha Chikhristu sichili ngati zofuna za munthu zimene zimakula mozungulira, pang'onopang'ono, mpaka kufikira ena. Anati dongosolo loona la chikondi timalipeza posinkhasinkha fanizo la Msamariya wachifundo.

Mmene ndikuonera, chimene Vance ananena chili ndi mbali yoona: mtsogoleri ali ndi udindo wapadera pa nzika zake, monga kholo pa ana ake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2241, akuvomereza kuti boma likhoza kuika malamulo a kalowedwe m'dziko, ndipo wolowayo alemekeze malamulo a dziko lomulandira. Koma ndime yomweyo ikuyamba ndi kunena kuti maiko olemera ali ndi udindo wolandira, monga angathere, mlendo wofuna chitetezo ndi njira yopezera moyo. Pamene ndikusiyana ndi Vance ndi pa mawu akuti "pambuyo pake". Chithunzi cha timafunde tozungulira pamene mwala wagwa m'madzi, timene timafooka tikamapita kutali, si cha Augustine. Kwa iye onse akondedwa mofanana, ndipo woyandikira ndi amene zochitika zamubweretsa. Munthu amene waima pa malire a dziko lanu ndi mwana kumsana wayandikira kale. Yosefe ndi Mariya nawonso anaimapo pa malire otere pothawira ku Igupto, ndipo Papa Pius XII mu 1952 anatcha banja limenelo chitsanzo cha othawa kwawo onse.

Kodi ndingaike banja langa pangozi pofuna kuthandiza wina?

Martin Luther, amene anayambitsa Chipulotesitanti ku Germany, anakumana nalo funsoli maso ndi maso. Mu 1527 mliri unalowa mu Wittenberg, mzinda umene ankakhala, yunivesite inasamukira ku Jena, ndipo iye anauzidwa kuti achoke. Anatsala, mkazi wake Katharina ali woyembekezera, ndipo nyumba yawo inalandira odwala. Koma m'kalata imene analemba pa nkhaniyi sanalamule aliyense kuchita ngati iye. Anati amene ali ndi udindo, monga abusa, akuluakulu a mzinda ndi makolo, asathawe pokhapokha pali wina wogwira ntchito yawo, ndipo wodwala asasiyidwe yekha. Anadzudzulanso anthu odziika pangozi mwadala, okana mankhwala, chifukwa amatengera ena matenda.

Ndikuonjezerapo chimodzi. Ngozi imene idzagwere nyumba yonse si yoti munthu mmodzi aisankhe yekha. Khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu, mugwirizane.

M'bale wanga amangopempha osafuna kugwira ntchito. Ndikamukaniza ndachimwa?

Simunachimwe ngati mukumufunira zabwino. Paulo anauza Atesalonika kuti wosafuna kugwira ntchito asadye (2 Atesalonika 3:10), ndipo ankanena za wosafuna, osati wosatha kapena wosowa ntchito. Mavesi ochepa kutsogolo akuti musamuyese mdani, koma mumuchenjeze ngati m'bale. Mukhoza kutseka thumba osatseka chitseko.

Mwana wanga ndimamukonda kuposa ana ena onse. Kodi ndilape?

Musalape. Aquinas anakana maganizo akuti mumtima tizikonda onse ndi mphamvu yofanana n'kumangosiyanitsa pa zochita. Anati ngakhale kutentha kwa mtima kumayenera kukula pa amene ali pafupi. Yesu analira pa manda a Lazaro, ndipo oona anati taonani mmene ankamukondera. Chikondi chimene muli nacho pa mwana wanu ndicho chimakuphunzitsani zimene mayi wina akumva mwana wake akatentha thupi usiku. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amene amawamva msanga mawuwa ndi amene anachezerapo usiku ndi wake.

Zonsezi zikagundana pa ola limodzi, ndichite bwanji?

Ndimadzifunsa mafunso atatu, mwachangu. Ndani angafe kapena kuwonongeka ndikachedwa? Ndani alibe wina kupatula ine? Ndani ndinamulonjeza, kapena anaikidwa m'manja mwanga? Kawirikawiri mayankho amaloza munthu mmodzi. Akaloza anthu osiyana, ndimachita chimene ndingathe kwa woyamba n'kuitana wina kuti agwire kwinako, monga Msamariya anachitira ndi mwini nyumba ya alendo.

Zaka zingapo zapitazo bambo anga anagonekedwa m'chipatala, ndipo ndinkachezera nawo usiku. Pa bedi loyandikana panali bambo wina wokalamba amene chilankhulo chake sitinkachimva, ndipo masiku onsewo sindinaone womuzonda. Ine ndinapitira bambo anga, ndipo ndinkadziuza zimenezo. Usiku wina kapu yake inagwa pansi. Nditaitola ndinaona milomo yake itang'ambika ndi ludzu, dzanja likunjenjemera losatha kugwira kanthu. Ndinayamba kumamumwetsa madzi ndi supuni bambo akagona.

Tsiku lina onse awiri anandifuna pamodzi. Bambo ankabanika, winayo ankaitana. Sindinaganize kawiri, ndinagwira bambo anga, kwinaku ndikufuulira anamwino kuti athamangire winayo. Patapita masiku awiri zinatembenuka. Bambo anandipempha kuti ndiwakonzere pilo, ndipo ndili mkati mokonza ndinamva chitsulo cha bedi linalo chikulira. Mkulu uja anali akutsetsereka, mwendo umodzi uli kale pansi. Ndinaima ndi pilo m'manja. Bambo anatembenuza mutu, anamuona, n'kundikankha pamkono ndi mphamvu zochepa zimene anali nazo.

"Mwananga, yamba wadzutsa agogo awo. Ine ndidikira."